Denga la Zitini Limene Ndinayambira Pamwamba

Kudera la Makanjira kuli anthu amene mpaka lero mvula yoyamba ikagwa amanditchula dzina, ndipo sikuti amakhala akundithokoza. Ndakhala ndikuizemba nkhaniyi zaka zambiri, koma ndaona kuti ndiinene ndekha ndisanafe, chifukwa ndikaisiya m'manja mwa Agnesi, mkazi wanga, iye akamaikamba amawonjezera mvula.

Inali nthawi ija ya nkhondo ya ku Mozambiki, pamene anthu ankatsika m'mapiri a kum'mawa atasenza mphasa, mapoto ndi ana, n'kudzakhala pakati pathu. Ine ndinali mphunzitsi wachinyamata, wongotumizidwa kumene kusukulu ina ya pulayimale m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira (ngati tingautche msewu, pakuti malole ankaudutsa okwera akupemphera). Ndinakulira ku Limbe, m'nyumba za kampani, kumene denga unkalipeza lili kale pamwamba ndipo palibe ankafunsa kuti linakwera bwanji. Ndinafika ndi mataye awiri, satifiketi imodzi, ndi chikhulupiriro chakuti m'mudzi monsemo munalibe munthu woti n'kundiuza kanthu.

Ndinakwatira Agnesi, mtsikana wa m'kwaya ya kutchalitchi, ndipo potsata mwambo wa kumeneko ndinakhala mkamwini. Amalume ake anandilozera malo omangapo nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi anga aakazi. Tsiku la chinkhoswe, popanda wondifunsa, ndinaimirira n'kulengeza kuti mkazi wanga sadzagona m'nyumba ya udzu, adzagona pansi pa malata. Amuna anawomba m'manja, amayi anaimba nthungululu. Apongozi okha sanawombe. Anangoyang'ana pansi, ndipo ndinadzazindikira pambuyo pake kuti ankasunga mawu angawo pamalo abwino.

Muyenera kuwadziwa apongozi angawa. Anali a mwambo wakale weniweni. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sakhala mphasa imodzi, sadyera pamodzi. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'munda wa chinangwa (nthawi zonse ndinali ine). Akafuna kundiuza kanthu ankauza Agnesi, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva zonse, ndipo Agnesi ankatembenuka n'kundibwerezera mawu omwewo.

Makoma a zidina ndinamanga, mapaso ndinakweza, kenako nyumba inakhala miyezi isanu ikuyang'ana kumwamba. Malata ankagulitsidwa ku boma ku Mangochi, ndipo mtengo wake ndi malipiro anga zinali zisanadziwane. Ife tinkagona m'kachipinda kosungiramo mabuku kusukulu. Agnesi anali woyembekezera. Tsiku lina mu Seputembala ndikuzungulira makoma angawo ngati munthu amene ali ndi mapulani, ndinamva mawu kuchokera pamtondo:

"Agnesi, uwauze aphunzitsi kuti mvula ikagwa nyumbayo ilibe denga, iwe ubwerera kwa ine. Mwana adzabadwira kwanga, ndipo adzatulukako akuyenda yekha."

"Bambo, akuti mvula ikagwa..."

"Ndamva, Agnesi."

Kunena zoona ndinachita mantha. Mkazi wanga ndinkamukonda, ndipo m'kalasi langa munali ana awiri amene amayi awo anapita kwa amayi awo kukangochira chabe, koma anawo anali atafika Sitandade 3 amayiwo asanabwerere kwa amuna awo.

Apa ndipo akulowa a Zuze. Anali mmodzi mwa othawa nkhondo aja, ndipo amalume a Agnesi anawapatsa malo kumapeto kwa munda wawo. Anali munthu wamfupi, wa zala zodzaza zipsera, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. Othawa nkhondo ankalandira ufa, nyemba ndi mafuta ophikira a m'zitini zikuluzikulu za makona anayi. Ena mafuta akatha ankataya zitinizo. Kwa a Zuze kunalibe dzala. Chitseko chawo chinali cha matabwa a mabokosi, zenera linali mabotolo omatidwa m'khoma, masaka a ufa anasanduka makatani ndi matiresi, tayala la lole limene linaphulikira pamsewu banja lonse linkalivala kumapazi. Ndipo pamwamba pa zonsezi panali denga la zitini za mafuta, zodulidwa, zosalazidwa, zokhomedwa bwinobwino, likunyezimira padzuwa.

Ndinaliyang'ana dengalo masiku atatu. Kenako ndinadziuza kuti lata ndi chitsulo, chitini ndi chitsulo, ndipo pachinkhoswe paja sindinatchule kukula kwa malatawo.

Zitini ndinazipeza ndi cholembera. Loweruka lililonse ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumalembera othawa nkhondo makalata ofunafuna abale awo amene anasiyana nawo pothawa, ndipo aliyense ankandisiyira chitini. (Gawo ili ndimachita nalo manyazi. Mayi ankandiuza dzina la mwana wake wotayika misozi ili mbwembwembwe, ine diso lili pa chitini kuona ngati sichinabooke.) A Zuze anandionetsa kadulidwe kake ndi chikwanje chakutha, ndi kasalazidwe kake pa chipika. Anatinso ndizitsuke ndi phulusa ndi mchenga kuti mafuta achoke. Ndinavomera ndi mutu, koma ndinaona kuti imeneyo ndi ntchito ya munthu amene alibe makope oti achonge.

Tsiku loyamba kukhoma a Zuze anabwera okha, osaitanidwa, ndi hamala yawo ndi chitini cha misomali yakale yowongola. Anakwera makwerero pakona ya kum'mawa n'kuyamba kukhoma mzere wa m'munsi penipeni.

"Aphunzitsi, denga timayambira m'munsi," anatero. "Chitini cha pamwamba chizigonera cha m'munsi, chonchi. Madzi azingotsika, asapeze polowera."

Anakhoma mizere itatu pakonapo, malo okwana mphasa yopinda pakati. Apo n'kuti anthu ataima panjira kuonerera, ndipo apongozi anali pamtondo pawo, msana uli kwa ife, makutu ali kwa ife. Ndiye msodzi wina wodutsa ndi nkhafi paphewa anati, "Taonani, lero aphunzitsi ali m'kalasi mwa a Zuze."

Mawu amenewo anandiwotcha. Ndinakonza kolala ya malaya.

"A Zuze, tsikani. Zikomo kwambiri. Ntchito iliyonse yadongosolo imayambira pamwamba, kumanzere, n'kumatsika nayo mzere ndi mzere. Ndi mmene timalembera pa bolodi. Tsegulani buku lililonse muone."

A Zuze anayang'ana ine, anayang'ana denga. "Koma aphunzitsi, mvula sinapite kusukulu."

Anthu anaseka. Sanaseke kwambiri, koma ndinamva kuti ngakhale munsi wa apongozi waima. Ndipo ine, ndi mtima wanga wapachalawu, ndinanena mawu amene ndikanakonda ndikanawameza.

"Munthu amene anasiya nyumba yake kutchire asandiphunzitse za nyumba."

A Zuze anatsika pang'onopang'ono, anaika hamala ndi misomali patsinde pa makwerero kuti ndigwiritse ntchito, anati, "Sikomo, aphunzitsi," n'kumapita kwawo.

Ndinakhoma dengalo ndekha milungu iwiri, ndikaweruka kusukulu. Ndinayambira pansonga penipeni, kumanzere. Mzere woyamba utatha, wachiwiri ndinaugoneka pamwamba pa m'mphepete mwa woyambawo, popeza woyambawo unali utakhomedwa kale ndipo panalibe njira ina. Wachitatu pamwamba pa wachiwiri. Mizere inali yowongoka ngati ndajambula ndi lula. Mbali ya zitini yokhala ndi zilembo ndinailozetsa m'kati mwa nyumba, kuti mwana akabadwa aziona zilembo ali chigonere, ayambe msanga. Nditafika pakona ya a Zuze ndinafuna kuiphwasula, koma misomali yawo inakana kuzuka, ndiye ndinangoisiya n'kulumikiza.

Madzulo ena Agnesi atandibweretsera madzi anaima pansi pa makwerero n'kuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Kodi bambo, ofolera udzu aja sayambira m'munsi?"

"Udzu ndi udzu, Agnesi. Ichi ndi chitsulo."

Mudzi wonse unkadziwa. Asodzi ankadziwa, amayi opita kunyanja kukachapa ankadziwa, abusa podutsa pa njinga anachepetsa liwiro n'kupukusa mutu. Palibe anandiuza, chifukwa onse anali ataona zimene zimachitikira munthu wondiuza.

Tinalowa m'nyumbamo mu Okutobala, dzuwa lili pachimake. Mafuta amene sindinatsuke aja anayamba kusungunuka. Masana nyumba yonse inkanunkhira mandasi. Nyerere zinapanga msewu kukwera khoma, ndipo agalu atatu a m'mudzimo ankabwera kudzakhala pabwalo mitu ili m'mwamba. Ndinauza Agnesi kuti mvula ikabwera idzatsuka zonsezi. Pamenepo pokha ndinanena zoona.

Apongozi anasankha Loweruka lina la mu Novembala kuti adzaone nyumba ya mwana wawo. Anabwera masana ndi lichero la ufa pamutu ndi nkhuku m'khwapa. Mwaulemu wake ine ndinatuluka n'kukaima kuseri (khonde kunalibe, zitini zinathera pa denga). Ndili pamenepo ndinaona mtambo wakuda ukutsika m'mapiri a ku Mozambiki. Mphepo inawomba kamodzi, kenako mvula inakhuthuka yamadontho akuluakulu. Ndinapirira mpaka Agnesi anatsegula chitseko n'kundikokera m'kati.

Phokoso la mvula pa zitini linali loti munthu sungamve mnzako. Ndinanyada. Ndinakuwa kuti, "Ukumva, Agnesi? Kulira kwa malata kumeneko!"

Kunyadako kunatenga mphindi imodzi, mwina ndi theka.

Anthu akamati denga likudontha amanena madontho, apa ndi apo, oti n'kutchera mbale. Langa silinadonthe. Madzi onse otsika pa chitini cha pamwamba ankalowa kunsi kwa chitini cha m'munsi, ndipo ankagwera m'nyumba ali mizeremizere, yowongoka, yotalikirana mofanana, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Inali ntchito yadongosolo ndithu. Ufa wa apongozi unasanduka phala tikuona. Makope a Sitandade 3 anayandama. Nkhuku inakwera pabedi, inaona kuti nakonso n'chimodzimodzi, inatsika n'kutulukira pazenera.

M'nyumba yonseyo munali malo amodzi okha ouma, pakona ya kum'mawa, okwana mphasa yopinda pakati. Agnesi ndi mimba yake ya miyezi isanu ndi itatu anaima kutsogolo. Malo otsala kumbuyo kwake anali a munthu mmodzi ndi theka. Ndipo ine, amene kwa chaka chathunthu ndinkalowa m'chinangwa kuthawa chithunzithunzi cha apongozi, ndinapezeka phewa langa lagundana ndi lawo, nsalu yawo yonyowa yamatirira pa buluku langa. Iwo anayang'ana khoma la kumanzere, ine la kumanja. Tinakhala choncho nthawi yaitali, ndikumva kupuma kwawo.

"Agnesi."

"Mayi."

"Uwafunse aphunzitsi ngati angatilole titulukeko panja, tikabisale mvulayi."

"Bambo, akuti..."

"Ndamva, Agnesi."

Panapitanso kanthawi. Madzi anali atafika m'kakolo.

"Agnesi, uwafunsenso kuti pano pouma pano anakhoma ndani."

Ulendo uno Agnesi sanandibwerezere. Tonse atatu tinayang'ana m'mwamba, pamene mizere itatu ya a Zuze inali phee, yopanda ndi dontho limodzi lomwe.

Mvula itakata apongozi sanakalipe. Anafinya nsalu yawo, anakhuthula phala lija pabwalo kuti agalu adye, n'kunena kuti, "Agnesi, tenga zovala zako." Nyumba yawo inali mapazi makumi awiri okha kuchokera pa yanga, koma pamene ndinkaona mkazi wanga akuyenda ndi kamtolo pamutu, dzanja lili m'chiuno, mtima unandipweteka ngati akukwera lole ya ku Limbe. Chinandiwawa koposa n'chakuti sanakane. Pachitseko anangotembenuka n'kuti, "Ndinakufunsani za udzu zija, bambo."

Munthu wanzeru akanapita kwa a Zuze tsiku lomwelo. Ine ndinataya masiku ena anayi. Ndinatseka mipata ija ndi sanza, madzi anadutsa. Ndinamata ndi dothi, ndipo mvula yotsatira inandigwetsera matope m'mbale ndikudya. Tsiku lachisanu ndinatenga hamala yawo ija n'kuyenda kupita kumapeto kwa munda. Ndinawapeza atakhala pa chipika akuboola chitini ndi msomali, kupanga sefa.

"Ndabweretsa hamala yanu, a Zuze."

"Ikani apo, aphunzitsi."

Ndinaika. Ndinaimabe.

"Denga lija likulowa madzi pang'ono."

"Tinamva."

"A Zuze, mawu aja ndinanena tsiku lija..."

Anakweza dzanja kuti ndisapitirize. "Munanena zoona, aphunzitsi. Ndinasiyadi nyumba. Yoyamba anaitentha tikuona tili m'phiri. Yachiwiri tinaithawa phala la ana lili pamoto. Yachitatu, pamalire paja, inagwa ndi mvula, chifukwa nanenso ndinafulumira. Ino ndi yachinayi." Anauzira tizidutswa ta chitsulo pa sefa ija. "Inu yanuyi ndi yachingati?"

"Yoyamba."

"Ndiye tiyeni."

Tinazula chitini chilichonse. Misomali yopindika ndinayamba kuiponya kutchire, a Zuze anandiyang'ana kamodzi, ndinapita kukaitola yonse n'kukhala pamwala kumaiwongola. Zitini tinazitsuka ndi phulusa ndi mchenga. Mabowo a misomali yanga tinawatseka ndi mapatapata akutha osungunula pamoto, monga amachitira asodzi bwato likang'ambika. A Zuze anali pamwamba, ine pansi ndikuwapatsira zitini, ndipo odutsa panjira sanafunikenso kunena kuti aphunzitsi ali m'kalasi mwa yani.

Zitini zina zinang'ambika pozula, ndipo tinaona kuti sizikwana. M'mawa mwake a Zuze anafika ndi mtolo wa zitini zosalaza kale, zotsuka kale, zokhala ndi mabowo a misomali kale. Sindinafunse. Madzulo powaperekeza ndinaona khitchini yawo ilibe denga, akazi awo akuphika pansi pa saka lomangirira pa mitengo inayi, mitambo ili bii. Sindinachitepo manyazi otero m'moyo wanga, ngakhale pakona paja ndi apongozi.

Mwana anabadwa kutatsala masiku awiri kuti timalize. Nthungululu inandipeza ndili pa makwerero, misomali itatu ili pakamwa. Anali wamkazi, ndipo anabadwira kwa apongozi, pansi pa denga la udzu limene silinalowepo dontho chimangire. Lonjezo langa la pachinkhoswe linathera pamenepo.

Chinatsala n'chakuti kodi mwanayo adzatuluka m'nyumbamo ali kumsana kapena akuyenda yekha. Masiku a chikuta atatha, apongozi anabwera ndi lichero la ufa lina. Analowa m'nyumba mwanga, analiika pakatikati, anakhala pansi pambali pake.

"Agnesi, uwauze a Zuze akwere athire madzi."

Mwamva bwino, a Zuze. Ine ntchito yanga inali yotunga. Ndowa zisanu ndi imodzi ndinasenza kuchokera kuchitsime, a Zuze akuthira kuyambira pansonga mpaka m'munsi, mbali zonse ziwiri, ine mtima uli m'mwamba. Apongozi anatuluka ndi lichero lija, anapisa dzanja mu ufa muja, anaufikisa pakati pa zala, anaunyamula n'kuyang'ana kutali, kudutsa pamwamba pa mutu wanga.

"Agnesi, katenge mwana."

Ndinakhala pansi pa ndowa yovundikira, ndipo sindibisa, ndinalira.

Nkhondo itatha, anthu aja anayamba kubwerera kwawo. A Zuze anati denga lawo salisiya, akafolera nyumba yachisanu. Ndinapita kukawathandiza kuphwasula. Ndinawauzanso kuti ndizula zitini zawo zija pa denga langa ndiwabwezere, anakana, anati mwana azigona pouma. Kenako anandipatsa hamala n'kundilozera pansonga pa denga lawo.

"Kwerani, aphunzitsi, ntchito iyi ndi yanu. Kuphwasula ndiko kumayambira pamwamba."

Ananena osaseka. Ndinakwera, ndipo ndinaigwira bwino ntchitoyo, kuyambira kumanzere. Anamanga zitinizo m'mitolo ndi zingwe za tayala, misomali yonse m'kachitini, anakweza pa lole, ndipo sindinawaonenso.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo. Pa bolodi ndinapitiriza kuyambira pamwamba mpaka ndinapuma pantchito, ndipo munthu akandiuza chochita pagulu makutu amanditenthabe. Chaka chatha tinagula malata enieni oti tifolere khola la mbuzi. Nditangofika pamwamba pa makwerero, Agnesi anatulukira ndi ndodo yake, anaima patsinde, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Bambo, muyambira kuti?"

Ndinakwiya ndithu. Ndinamuuza kuti sindine mwana. Kenako ndinatsika masitepe anayi.